Kaloboti ka Esteri ndi Mtsiro wa Amayi

Bangwe, Blantyre
8 Julaye 2019

Okondedwa amayi, ndi iwe mlongo wanga Esteri amene uwawerengere,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Limbuli. Ife kuno tili bwino, kupatula chifuwa cha mwana wathu Kondi chimene chabwera ndi chiperoni. Ndalemba kalata ngati munthu wamakedzana chifukwa foni imene ndinakugulirani sikupezeka. Ndapatsira a Rosie, amene amabweretsa nanazi mumsika wa Limbe aja. Yankho mupatsirenso iwo omwewo.

Nkhani ndi iyi. Mkazi wanga Jessica wapeza ntchito m'sitolo ya nsalu, ayamba kumayambiriro kwa Seputembala. Kondi sanayambe n'kuyenda komwe, ndipo sitingamusiyire mtsikana wachilendo wotola pamsewu. Esteri abwere adzalere mwana. Adzagona pabwino, adzasamba madzi a pampopi, adzaonako tauni m'malo mokalambira m'munda wa nandolo.

Koma a Rosie andiuza zina zoseketsa. Akuti Loweruka lililonse Esteri akumakwera minibasi kupita ku Boma kukaphunzira kupanga loboti. Ndinaseka mpaka abwana anga anasuzumira pawindo. Esteri yemwe uja, wolekezera Sitandade 7, amene mlendo akafika amathawira kuseri kwa nkhokwe? Ndiye loboti yake idzakhala yobisalanso kuseri kwa nkhokwe?

Zibwana zimenezo zithe. Chimwalirireni bambo ndi amalume, woyang'anira mbumba imeneyi ndine, ndipo sindingalole mlongo wanga azisekedwa mumsika. Ayambe kuchapa zovala zake.

Ngati kalongonda, nyemba zathu zija, wauma munditumizireko.

Ndine mwana wanu,
Winston

*

Limbuli, Mulanje
14 Julaye 2019

Achimwene,

Landirani moni wochokera kuno kumudzi. Tamva za chifuwa cha Kondi, tikumupempherera. Alamu anga muwauze kuti takondwa ndi ntchito yawo. Kalata yanu ndawawerengera amayi yonse, osadumpha ngakhale pamene munandiseka.

Foni inagwera mu ndowa amayi akuchapa. Tinaiyanika padzuwa koma sinayakenso.

Za sukulu ija ndi zoona. Ndi bungwe lina limene likuphunzitsa atsikana amene tinasiyira sukulu panjira, ndipo ulendo amatilipirira. Aphunzitsi athu ndi a Cecilia. Aliyense wapatsidwa timamota tiwiri, kabokosi ka mabatire, mawaya, kathabwa kobiriwira kamene ndi ubongo wake, ndi timaso tiwiri toyang'ana pansi. Thupi ndi matayala tikupanga tokha. Ine thupi ndadula ku chivindikiro cha ndowa yosweka. Matayala ndi zivindikiro za mabotolo, ndazikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga kuti zisamaterereke.

Ntchito ya kaloboti ndi imodzi yokha, kutsata mzere wakuda pamalo oyera. Mzere umakhala pakati pa timaso tija. Diso lakumanzere likaona kuda, tayala lakumanzere limaima, kaloboti n'kukhotera komweko. Lakumanja chimodzimodzi. Maso onse awiri akaona kuda, kamayesa kafika kumapeto, kamaima.

Pa 31 Ogasiti tidzayesedwa. Amene kake kadzamalize mzere adzatengedwa kukaphunzira kukonza nyali za sola ndi mawailesi. Achimwene, sindikukana mawu anu. Ndikungopempha kuti ndifike nawo tsiku limenelo.

Amayi akuti ndilembe mawu awo monga momwe akunenera. Ndi awa:

"Winston, umutenge msanga. Mwana wamkazi ameneyu wandithera zivindikiro m'nyumba muno, mchere ukukhala pululu. Anzake akukwatiwa, iye akukwatitsa mawaya. Dzulo ndinamutuma kumjigo, ndikamutsatira ndampeza wagwada kuseri akunong'oneza chivindikiro cha ndowa. Koma mwana wako ali ndi mwayi, adzaleredwa ndi munthu wozolowera kunyengerera zinthu zosamva."

Athera pamenepo. Kalongonda ali m'jumbo yakuda.

Ndine mlongo wanu,
Esteri

*

Bangwe
19 Julaye 2019

Esteri,

Moni. Kalongonda wafika, uwathokoze amayi. Mawu awo aja ndawerenga kawiri, andikomera kuposa kalongondayo.

Kalata yako yandiphunzitsa zambiri, aphunzitsi. Ndiye kuti chivindikiro cha ndowa chili ndi ubongo, chili ndi maso, ndipo chimaganiza kuti chafika? Chikangotsala ndi kulowa kwaya. Galimoto za mawaya ndinkapanga ine ndili ndi kabudula wobooka kumbuyo, zanga zinali ndi chiwongolero ndi pokhala anthu, ndipo palibe amene anandilipirira minibasi. Iwe msinkhu wonsewo ukupita ku Boma kukaphunzira kuseweretsa kachidole kosatha ngakhale kunyamula kapu ya tiyi. Alamu ako akufunsa ngati kamachapa matewera. Akuti ngati kamachapa utumize kameneko, iweyo utsale.

Mabungwe amenewa ife a m'tauni timawadziwa. Adzakuvekani malaya olembedwa dzina lawo, adzakujambulani mukumwetulira, kenako galimoto yawo idzakhota pa Boma osadzaonekanso. Iwe udzatsala ndi malaya. Nthawi imeneyo alamu ako ntchito itawathera chifukwa chosowa wolera mwana. Kuno munthu akajomba tsiku loyamba, mawa lake pamalo pake pamakhala wina.

Chinanso. Foni ija sindikukhulupirira kuti inagwera m'madzi. Foni yakhala zaka osagwa, ikagwe mwezi womwe iwe wayamba kufuna mawaya? Undiuze zoona. Ngati unaing'amba kuti upezemo ubongo wa kachidole kako, uvomere ndisanamve kwa anthu ena.

Winston

*

Limbuli
28 Julaye 2019

Achimwene,

Moni wambiri kwa inu, alamu ndi Kondi. Kuno tili bwino, kungoti kukuzizira, phiri silikuoneka.

Foni ndaikulunga m'kansalu, ndapatsira a Rosie pamodzi ndi kalata ino. Mukaione nokha. Timisomali take tonse tilipo, sindinamasuleko ngakhale kamodzi.

Galimoto zanu za mawaya ndimazikumbukira. Zinali zokongola. Munkandiletsa kuzigwira, munkati ndi za amuna, ndiye ndinkangoziyang'ana. Koma zija zinkafuna munthu kumbuyo. Aka kamayenda kokha.

Poyamba sikanayende. Nditalumikiza mawaya kanangozungulira pamalo amodzi ngati nkhuku yodulidwa mutu, anzanga n'kuseka. A Cecilia sanandiuze cholakwika. Anangoti, "Esteri, yang'ana matayala ako, osati anzako." Nditayang'ana ndinaona kuti lina likupita kutsogolo, lina kumbuyo. Ndinali nditasemphanitsa mawaya a mota imodzi. Powotcherera ndinapsa chala, koma chapola.

Tsopano amatilola kupita nato kunyumba kuti tiziyeserera. Vuto linali malo. Panja sikamayenda bwino chifukwa dzuwa limakathobwa m'maso, ndipo m'nyumba mwathu mukudziwa kuti pansi amayi amazira ndi mtsiro wakuda. Ndiye ndinapempha laimu wotsala pamene ankapaka tchalitchi, ndapaka pansi pabalaza, ndajambula mzere ndi makala osinja. Lachinayi kanayenda kuchokera pakhomo, kukhota pa mpando wa malemu bambo, mpaka kukafika pa mtsuko. Kanakaima pokhapo pamene ndinadetsa. Ndinakabwezera pakhomo, kanayendanso chimodzimodzi.

Achimwene, pakamwa sinditha kulankhula, mukundidziwa. Ndikupempha mubwere mudzaone ndi maso anu musanagamule. Koma chonde mundiuziretu tsiku, kuti ndikonzekere.

Mawu a amayi ndi awa:

"Winston, m'nyumba mwanga mwasanduka manda. Pansi payera mbee ngati chiliza, kwangotsala mtanda ndi nkhata. Azimayi a mvano anabwera kudzapemphera, anaima pakhomo n'kufunsa ngati kwagwa zovuta. Ine ndazira pansi pamenepa chikwatiwireni, anthu ankabwera kudzaonera, lero ndikuuzidwa ndi mwana kuti amayi musaponde apo, ndi msewu. Msewu wa ndani? Wa chivindikiro. Akuti chinayenda. Ine sindinaone, ndinali kudimba kumene kumayenda zinthu zodyedwa."

Athera pamenepo.

Ndine mlongo wanu,
Esteri

*

Bangwe
2 Ogasiti 2019

Amayi ndi Esteri,

Moni nonse. Foni yafika. Chabwino, inagwera m'madzi.

Popeza ndaitanidwa kudzaona zodabwitsa za ku Limbuli, ndibwera. Lamulungu pa 18 Ogasiti tidzafika ndi minibasi ya m'mawa, ine, Jessica ndi Kondi. Amayi, mpongozi wanu chikwatiwireni sanagonepo kapena kudyapo pakhomo panu, ndiye mukonzeke.

Esteri, tipangane pano kuti pasadzakhale kulira. Kachidole kako kakadzayenda kokha pamaso panga n'kutsata mzere wako mpaka kumapeto, udzatsala, ife tidzaona chochita ndi mwana. Kakadzakanika, nkhani ya Boma idzathera pomwepo, udzalongedza chikwama. Sindidzamva zoti batire, zoti mphepo, zoti mfiti. Wapempha wekha kuti ndidzaone ndi maso. Maso ndibwera nawo.

Winston

*

Limbuli
11 Ogasiti 2019

Achimwene,

Moni. Ndikhulupirira nonse muli bwino.

Chitumizireni foni ija sitinamve kanthu kuchokera kwa inu. Sindikudziwa ngati mwakwiya kapena ngati Kondi wadwalanso. A Rosie sitikuwaona. Akuti atangotsika minibasi analandira uthenga wa maliro a mchemwali wawo, anapitirira kutsidya ku Mozambiki osafika n'kunyumba komwe. Ino ndapatsira kondakitala wina amene wati sitolo yanu amaidziwa.

Ngati ndinalakwa kukupemphani kuti mubwere, mundikhululukire. Koma ngati mukubwera, chonde tsiku lake ndilidziwe.

Kaloboti kakuyenda bwino. Pokhota pakuthwa kankapitirira, ndiye ndasendeza timaso pafupi ndi pansi.

Amayi akuti lero alibe mawu, dzino likuwawawa.

Esteri

*

Bangwe
20 Ogasiti 2019

Esteri,

Moni. Tinafika bwino kuno, ngakhale nthiti zikundiwawabe ndi kuseka.

Kalata yako ya kondakitala ija ndinailandira tisananyamuke, yonamizira kuti yanga sunaione. Ndinadziwiratu kuti wayamba kufuna pothawira. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake.

Ndikukumbutse zimene maso anga anaona, poti mwina iwe sunaone, unali utazolika. Mudzi wonse unadzaza pakhomo, ena pawindo. Iwe unatuluka kuchipinda utanyamula chivindikiro chako ndi manja awiri ngati mbale ya mgonero. Unagwada, unakaika pansi, unadina. Kanayaka kanyali kofiira. Basi. Tinadikira. Kanyali kofiira.

Ine ndinati, "Kagona?"

Alamu ako anati, "Ayi, kachita manyazi. Katengera mwini wake."

A Wilson a njinga za kabaza aja anati, "Tachikankhani, mwina ndi cha ndikankheni ngati lole ya ku esiteti!"

Iwe unangonong'ona kuti, "Pansi pada." Pansi pada! Pansi pa nyumba ya amayi panayamba payerapo liti? Mzere umene unkandilembera m'makalata uja unali kuti? Ine ndinaona pansi pakuda bii, ngati mmene pakhalira chibadwire changa.

Ndiye ndinakuchitira chifundo, ndinati tiyeni panja. Panja ndiye kanaonetsa nzeru zake zonse. Kanathamanga molunjika ngati mbuzi yoduka chingwe, kanabalalitsa anapiye, kanakagunda mtondo, tayala n'kuguluka. Amene anasangalala ndi sayansi yako ndi Kondi yekha, amene anakwawira tayala lija n'kuliika m'kamwa. Waona, ntchito yakupeza yokha. Mwana wakukonda kale.

Pangano ndi pangano. Loweruka pa 31 ukwere ndi a Rosie, ndidzakuchingamira ku Limbe. Jessica ayamba Lolemba lake. Chivindikiro ukabweze kwa eni ake. Usabwere nacho kuno, anthu a pa mdadada wathu amandipatsa ulemu.

Amayi uwauze kuti nkhuku inakoma. Jessica akuti nsapato zake zinadetsedwa ndi matope a m'nyumba, koma wazitsuka.

Winston

*

Limbuli
22 Ogasiti 2019

Achimwene,

Moni. Tathokoza kuti munayenda bwino. Kalata yanu ndawawerengera amayi yonse, mpaka mzere womaliza.

Sindikutsutsa. Kanakanika pamaso panu, ndipo munanena kale kuti simudzamva zifukwa. Ndingolemba chimodzi kuti musandiyese wabodza.

Kalata yanu yonena tsiku inali m'chikwama cha a Rosie kumaliro. Anabwera nayo Loweruka, kutatsala usiku umodzi kuti mufike, ine ndili ku Boma. Amayi anakapempha a Wilson kuti awawerengere. Atamva kuti mpongozi wawo akubwera koyamba, anati sangamulandirire pachiliza. Anatenga dengu, anakakumba mtsiro kudambo, anazira nyumba yonse. Ndikamafika madzulo, laimu ndi mzere zinali pansi pa dothi, dothilo lili lonyowa. Laimu wina ndinalibe. Pansi pakuda ponseponse kaloboti kamayesa kafika kale, n'chifukwa chake sikanasunthe.

Amayi sindikuwadandaula. Anachita zimene mayi aliyense amachita mlendo wolemekezeka akamabwera. Anazira bwino kwambiri, pena paliponse posalala.

Tayala ndalibwezera. Loweruka likubwerali ndikatsanzika kwa a Cecilia. Zovala ndachapa. Pa 31 ndidzakwera monga mwanenera.

Amayi ndawafunsa ngati ali ndi mawu. Chiwerengereni kalata yanu akungoyang'ana pansi.

Ndine mlongo wanu,
Esteri

*

Limbuli
27 Ogasiti 2019

Achimwene, moni. Kalata ino si yanga, ndi ya amayi. Ine ndangogwira cholembera. Ndawapempha kuti mawu ena tichepetse, akana, ndipo akuti akaipereka kwa a Wilson kuti aone ngati ndasiyako kanthu.

"Abwana a ku Bangwe, muli bwanji? Nthiti zapola?

Ine ndine mayi wosaphunzira, ndiye undimvere pang'onopang'ono. Nditamva kuti ukubwera ndi mkazi wako, ndinapita kudambo ndi dzino likuwawa. Ndinasenza mtsiro pamutu, ndinagwada tsiku lonse, ndinasalaza ndi mwala mpaka pansi panawala. Ndinazirira iwe. Iwe unalowa, sunayang'ane n'komwe. Mkazi wako analowa ndi nsapato zazitali zija, anandiboolera pansi ponse ngati akubzala chimanga, kuchokera pakhomo mpaka kuchipinda. Ndinapirira, ndinati ndi mlendo. Lero ndikumva kuti m'nyumba mwanga muli matope. Matope!

Tsiku lija nanenso ndinaseka nawo, sindikana. Koma mlongo wako atawerenga kalata yako ndinamufunsa kuti, iwe, chinthu chako chinadwala chiyani? Anati, amayi, chimaona ndi pansi, pansi pakada chimayesa chafika. Ndinati ndiye wachipha ndine? Anati ayi amayi, munazira bwino. Mwana ameneyu ngakhale umuponde amati pepani.

Ndiye tamva. Chinthu chija sichinakanike. Chinaimitsidwa ndi ulemu umene ndinakupatsa iwe, ulemu umene mwautcha matope. Pangano lotero ine ndalifafaniza, ngati mmene ndinafafanizira mzere wake.

Lachisanu ndinapita kumtsinje kumene kuli dothi loyera, lija ndinkakongoletsera khonde bambo ako ali moyo. Ndazira pabalaza poyera, mabowo a mkazi wako ndatseka. Laimu wa Esteri uja anali wamabangamabanga ngati wapaka ndi tsache, ntchito ya manja sadziwa mwana ameneyu. Mzere ndajambula ndekha ndi mtsiro, ndi zala zitatu, wokhotakhota dala kuti ndichione. Ndinazungulitsa mpando, ndinazungulitsa mtsuko, ndinabwereranso pakhomo. Pataumapo ndinati, chiike.

Winston, chinatsata. Pamene ndinakhota chinakhota. Pamene ndinadetsa kuti apa ndiye pothera, chinaima. Ndabereka ana, ndaweta mbuzi, ndinakhala ndi bambo ako zaka zonse zija, palibe ndi mmodzi yemwe amene anayendapo pamene ine ndalozera. Chivindikiro cha ndowa ndicho chandimvera. Ndinaitana a Wilson kuti abwere adzakankhe lole yawo, anangogwira pakamwa.

Loweruka lapitali Esteri ndinamuletsa kukatsanzika, ndinati akaphunzire. Pa 31 usavutike kupita kokwerera basi. Esteri akupita ku Boma, ndipo ndimuperekeza ndine. Akakalephera kumeneko, akalephere yekha, osati chifukwa cha dengu langa.

Ukuti ndiwe woyang'anira mbumba. Yang'anira. Koma mbumba si khola loti ukasowa wantchito uzibwera kudzatapamo. Za Kondi, mzukulu wanga, ndamva ndipo zandikhudza. Mufune mtsikana mumulembe ntchito ngati anzanu. Zikakanika, akadzasiya bere mudzabwere naye kuno ndidzalere ndine. Matope omukwawira alipo ambiri.

Ndikudziwa unena kuti mawu awa wapeka ndi Esteri. Esteri angapeke mawu otere? Ona m'munsimu."

Achimwene, chakuda chili m'munsichi ndi chala cha amayi. Anachiviika mu mtsiro.

*

Limbuli
1 Seputembala 2019

Achimwene,

Moni kwa inu, alamu ndi Kondi. Ndikhulupirira mawa alamu ayamba bwino ntchito. A Rosie atiuza kuti mwapeza mtsikana wa kutchalitchi kwanu woti azisamala mwana. Mtima wanga watsika, chifukwa nkhani imeneyi inkandisowetsa mtendere.

Dzulo tinapita ku Boma. Amayi anavala chitenje cha mvano, kaloboti anakanyamula okha pamiyendo mu minibasi, kondakitala atafuna kukaika kumbuyo anamukalipira. Mu holo munali thabwa lalikulu loyera, mzere wake wa tepi yakuda. Amayi anauyang'ana n'kunena mokweza kuti, "Wajambula mzere umenewu anali ataledzera?" A Cecilia anaseka, anati ndi iwowo. Ine ndinafuna kulowa pansi pa benchi.

Kanga sikanali kothamanga. Ta anzanga tina tinamaliza msanga, tina tinapitirira pokhota n'kugwa pathabwa. Kanga kanayenda pang'onopang'ono, pokhota pakuthwa kananjenjemera, ndinatseka maso. Ndinamva amayi akuti, "Khota, iwe!" Nditatsegula kanali kataima kumapeto. Dzina langa linaitanidwa. Maphunziro okonza nyali ndi mawailesi tiyamba mwezi uno.

A Rosie sanabwere ndi kalata yanu. Angobwera ndi foni yakufa ija, m'kansalu komwe kaja, ndi uthenga wapakamwa woti, "Mukawapatse akatswiriwo, tione." Ndalandira, achimwene. Tsopano ndiye ndaimasula. M'kati mwachita dzimbiri. Sindikulonjeza, koma timisomali ndasunga m'kabotolo.

Amayi ali ndi mawu ochepa:

"Winston, Khirisimasi mubwere nonse, nkhuku ina ilipo. Koma mkazi wako adzavule nsapato pakhomo. Ndipo iwe, polowa, usadzaponde mzere. Ndi msewu."

Athera pamenepo.

Ndine mlongo wanu,
Esteri